Funso Lachinayi

Kunyumba,
3 Febuluwale.

Wokondedwa muphwa wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kudziko la eniko. Kuno tilipo. Bondo lija likundivutabe pokwera masitepe a kukoleji, koma adokotala akuti ndi ukalamba chabe, ndipo ukalamba ulibe jakisoni. Pa tchuthi ndinakwera basi kukawaona mayi ako. Ali pa mashini awo tsiku lonse, kusoka mayunifolomu a ana a sukulu, wailesi ili pambali. Nkhani za nkhondo zikangoyamba phazi lawo limaima. Akuti uziwalembera iwo eni, usamangowapatsira moni kudzera mwa ine.

Pali nkhani imene ikuseketse. Akuluakulu a koleji andipatsa phunziro latsopano chaka chino, la mmene anthu oganiza mozama, amene m'mabuku timawatcha afilosofi, akhala akuionera nkhondo. Ine, munthu woti ngakhale legeni sindinaigwirepo! Ndatha milungu itatu ndikufukula mabuku, ndipo ndikuuze mwachidule zimene ndapeza, popeza amene ali m'kati mwake ndiwe.

Gulu loyamba limati nkhondo ili m'magazi mwathu. Akuti mukachotsa boma, apolisi ndi makhoti, munthu aliyense amayamba kuopa mnzake, ndipo wamantha ndi amene amayamba kumenya. Kwa iwowa chachilendo ndi mtendere. Gulu lachiwiri limakana. Limati palibe amabadwa ndi mdani. Nkhondo imapangidwa ndi maboma monga mmene amapangira misewu, ndipo msilikali wa mbali iyi ndi wa mbali iyo sanalakwirane kanthu, angovekedwa malaya osiyana. Gulu lachitatu limati tisataye nthawi kufunsa kumene nkhondo inachokera, tingoiikira malamulo: ndani angaiyambitse, pa chifukwa chanji, ndipo ndani sayenera kukhudzidwa. Pomaliza pali ena owerengeka, ouma mutu koma ine ndimawakonda, amene amati nkhondo yabwino kulibe, ngakhale mutaichapa ndi sopo.

Vuto langa ndi lakuti ambiri mwa anthuwa analemba atakhala pampando ngati ine. Ophunzira anga akungoyasamula. Chaka chilichonse ndimawauza kuti phunziro lopanda chitsanzo chamoyo ndi lakufa, ndiye taona, ndagwa m'mawu anga omwe. Undilembere zimene maso ako akuona. Zazing'ono zomwe, usasankhe.

Ndine malume ako.


Ku kampu,
26 Febuluwale.

Amalume,

Moni wambiri. Kalata yanu yafika, ndipo ndinawawerengera anzanga m'tenti. Sajeni amene ndimayenda naye, timamutcha Chigubu chifukwa cha mimba yake, akuti muwauze afilosofi anuwo kuti anaiwala gulu lachisanu. Gulu limenelo limati nkhondo ndi kudikira. Kudikira chakudya, kudikira lamulo, kudikira kalata, kenako kudikira kuti amene anapereka lamulo uja alisinthe.

Zoti ndikupatseni chitsanzo cha nkhondo mundikhululukire, ine ntchito yanga ndi madzi. Kampu yonse, anthu mazana atatu, ili ndi galimoto ya madzi imodzi yokha, ndipo dalaivala wake ndine. Kawiri pa tsiku ine ndi Chigubu timapita ku pampu ya kumtsinje, timawoloka mlatho wachitsulo, timadzaza thanki, n'kubwerera. Mfuti yanga imagona kuseri kwa mpando. Chibwerereni sinalirepo, moti ndikukayika ngati imandidziwa.

Chigubu watsala ndi zaka ziwiri kuti apume pa ntchito. Ali ndi ana anayi, ndipo njira yonse amandiuza za chigayo chimene adzagule ndi penshoni yake. Chigayocho ndachimva kwambiri moti ndikhoza kuchikonza chisanagulidwe.

Amayi ndawalembera, asandinenerenso kwa inu. Bondolo muzilipaka mankhwala, osangoliwerengera mabuku.

Ndine muphwa wanu.


Ku kampu,
20 Malichi.

Amalume,

Kalata iyi sinadzere ku positi, chifukwa za ku positi akuluakulu amayamba aziwerenga. Ndapatsira mnzathu amene akubwerera kwathuko atathyoka mkono. Zimene zili munozi ndi za inu nokha. Musawauze amayi, musauze munthu aliyense, ndipo poyankha musatchule kanthu.

Malamulo athu a panjira ndi awiri. Loyamba, osaima pa chifukwa chilichonse. Lachiwiri, munthu wa mbali inayo, ya oukira boma, akapezeka, wamoyo kapena wovulala, tizimupereka kwa asilikali a boma la kuno. Amalume, amene aperekedwa kumeneko sitimawaonanso. Aliyense amadziwa, palibe amanena.

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili pamutu, titangowoloka mlatho thanki ili yodzaza, ndinaona munthu m'ngalande. Bambo wamkulu, wa imvi kundevu, pamkono atamanga kansalu kamene a mbali inayo amamanga. Ntchafu yake inali magazi okhaokha. Mfuti anali ataiponya patali. Sanakuwe, sanalire. Anangokweza botolo lopanda kanthu n'kuloza thanki yathu.

Phazi langa linaponda buleki ine ndisanaganize. Chigubu anati, "Mwana iwe, wapenga? Yendetsa!" Ndinati, "Sajeni, tanyamula madzi a anthu mazana atatu, munthuyo akupempha botolo limodzi." Ananditukwana ine, makolo anga ndi galimoto yomwe. Kenako anatsika, n'kuvula lamba wake, n'kuyamba kumumanga mwendo.

Bamboyo atamwa madzi, ine ndi Chigubu tinangoyang'anana. Kumusiya, afa. Kumupereka, afa. Tinamugoneka m'bokosi la mapaipi n'kupatukira ku kachipatala ka masisitere kamene kali pamphambano. Sisitere amene anatsegula geti sanatifunse kanthu, anangoti, "Mugwire kumutuko." Tinachedwa mphindi makumi anayi. M'buku la ulendo ndinalemba kuti tayala linaphwa, ndipo Chigubu anasaina.

Zikadziwika, ine ndi wa kundende, ntchito yatha, ndipo chigayo cha Chigubu chapita. Komabe chimene chikundidya mumtima si chimenecho. Mwezi watha anzathu awiri anaphedwa pa mlatho womwewo. Mwina anawombera ndi bamboyu. Mwina akachira abwereranso pomwepo. Ndikakhala pa mzere wa chakudya ndimalephera kuwayang'ana anzanga kumaso.

Bambo atamwalira munandilera ndinu. Fizi, nsapato, ngakhale kumeta ndevu munandiphunzitsa ndinu. Palibe wina amene ndingamufunse. Ndiuzeni mwachidule, amalume: ndinalakwa kapena sindinalakwe?

Ndine muphwa wanu.


Kunyumba,
14 Epulo.

Muphwa wanga wokondedwa,

Zonse zinandipeza bwino. Sinditchula kanthu, monga unanenera. Ndingokuuza kuti ndinawerenga nditaimirira pakhonde, ndipo pomaliza ndinakhala pansi. Ndinaganiza za bambo ako.

Funso lako ndi lakale kuposa ine, ndipo sindikufuna kuliyankha mothamanga. Tiye tiyerekeze munthu wina, kwinakwake, amene wachitira chifundo munthu amene sanaloledwe kumuchitira chifundo. Magulu anayi aja anganene chiyani?

Oyamba aja angati munthuyo ndi wopusa. Kwa iwo mantha sanama. Amene wamukhululukira lero ndi amene adzakupweteke mawa, ndipo pamene palibe woweruza pakati panu, chifundo ndi ngongole imene adzalipire ndi anzako. Usawanyoze, mawu awo ali ndi mano. Achiwiri angati palibe mlandu, popeza awiriwo sanali adani chiyambire. Udani unali wa amene anawatuma. Malayawo akangong'ambika, otsala ndi anthu awiri basi.

Achitatu ndi ovuta, chifukwa amayankhula pawiri. Mbali ina amati munthu amene wagwa, chida wataya, watuluka m'nkhondo monga wosewera mpira amene wanyamulidwa pa machira, ndipo kumukhudza ndi mlandu. Koma omwewo amatinso gulu lankhondo limene aliyense amasankha yekha lamulo loti amvere si gulu lankhondo ayi, ndi anthu a mfuti chabe, ndipo amenewo ndi oopsa kuposa nkhondo yomwe. Achinayi aja angangoti funso lenileni ndi lakuti munthuyo anapitirako chiyani kumeneko poyamba.

Waona kuti nkhaniyi ili ndi makomo ambiri? Pa zaka makumi atatu za uphunzitsi ndaphunzira kuti yankho lopatsidwa silikhalitsa m'mutu, lokhalitsa ndi limene munthu walipeza yekha. Ndakupatsa zida, ugwiritse ntchito. Ndikudziwa kuti uli ndi mutu wabwino, ngakhale unathawa sukulu n'kuthamangira mawilo.

Ndilekere pano, ntchito yandipanikiza. Ofesi ikufuna mafunso a mayeso a mu Juni mwezi uno usanathe. Atatu ndinalemba kale, lachinayi ndi limene linandizunguza mutu, koma tsopano lapezeka.

Uzidya mokwanira.

Ndine malume ako.


Kumsika,
22 Juni.

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndi bondo lanulo. Ine thupi lilipo koma mtima palibe.

Mwana wanga sanandilembere chiyambire mwezi uno. Ndimati mwina ndi positi. Dzulo kwabwera mayi wina pa shedi panga, mwana kumsana, akuti ndi mkazi wa sajeni amene amayenda naye uja. Wandipeza pofunsafunsa kuti telala amene mwana wake ali kunkhondo ndi uti. Akuti uthenga wafika ku nyumba za asilikali kuti amuna ake ndi mwana wanga anawachotsa pa galimoto, ndipo awatsekera podikira mlandu. Ndinafunsa kuti wagunda munthu kodi? Akuti ayi, nkhani yake ndi ya pepala la mayeso.

Achimwene, mayeso ndi mwana wanga zikukumana pati? Iye uja sukulu anaisiya kalekale, inu ndinu mboni. Pabanja pathu pano munthu wa mayeso amene ndimamudziwa ndinu.

Ngati pali chimene mukudziwa, ndiuzeni. Musandifotokozere zambiri ngati ndili m'kalasi, mungondiuza.

Ndine mlongo wanu.


Kunyumba,
30 Juni.

Chemwali,

Kalata yako yandipeza ndili kale ndi manyazi. Wati ndisafotokoze zambiri, ndiyesetsa.

Mu Malichi mwana wathu anandilembera mwachinsinsi za chinthu chimene anachita panjira. Anapulumutsa munthu wovulala wa mbali inayo, mophwanya lamulo. Anandipempha kuti ndisauze munthu, ndipo ndi pakamwa panga sindinauze munthu. Koma nkhaniyo inali ndi zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa chaka chino, moti ndinaiika pa mayeso. Nali funsolo monga linasindikizidwira:

"Funso lachinayi. Msilikali wina woyendetsa galimoto ya madzi walamulidwa kuti asaime panjira. Pafupi ndi mlatho wapeza mdani wovulala. Mothandizidwa ndi sajeni wake, wamubisa m'bokosi la mapaipi n'kukamusiya ku chipatala cha masisitere. Wachedwa mphindi makumi anayi, ndipo walemba kuti tayala linaphwa. Pogwiritsa ntchito maganizo a magulu awiri a afilosofi, kodi msilikaliyu walakwa? Malikisi makumi awiri ndi asanu."

Dzina ndinachotsa, dziko ndinachotsa. Aphunzitsi timatero, timati "munthu wina" n'kuona ngati tabisa. Za mapaipi ndi tayala ndinazisiya chifukwa ndi zimene zimapatsa funso moyo.

Chimene sindinachiganize ndi ichi. Koleji yathu ili ndi ophunzira a kutali, ophunzira kudzera m'makalata. Ine sindiwaona nkhope, mapepala awo amandifika ali ndi manambala okha. Ndinkadziwa kuti ena mwa iwo ndi asilikali ofuna kukwezedwa pa ntchito. Zoti ofesi imatumiza mayeso mpaka ku kampu kumene ali, zinali m'kalata ina ya ofesi imene ndinasaina osaiwerenga.

Lolemba ndinatsegula envelopu ya mapepala khumi ndi limodzi ochokera malo amodzi. Onse anasankha funso lachinayi. Wina anayamba yankho lake motere: "Dalaivala ameneyu tonse timamudziwa." Wina analemba mayina a anzake awiri amene anafera pa mlatho, n'kusiya tsamba lonse lopanda kanthu.

Chemwali, pamenepo ndinasiya kuchonga. Ndalakwa ine. Ndikonza, sindikudziwa bwanji, koma ndikonza.

Ndine mlongo wako.


Ku kampu,
11 Julayi.

Amalume,

Iyi yabwera ndi wophika wathu amene akupita ku maliro a bambo ake. Moni ndilibe wambiri.

Amene anayang'anira mayeso anu kuno ndi a Kaputeni athu. Akuti anatenga pepala lotsala kuti aziwerenga potaya nthawi. Atafika pa funso lachinayi anatuma munthu kukatenga buku la ulendo. Tsiku la tayala analipeza, mphindi makumi anayi anazipeza. Pansi pa pepala la mayeso panali dzina lanu, dzina lomwelo limene lili pa fomu yanga, pamene anafunsa kuti ndikafa adzauze ndani.

Ndinawerenga kalata yanu ya mu Epulo mobwerezabwereza, ndikukuyamikirani mumtima kuti amalume ndi osamala, sanatchule ngakhale madzi. Osadziwa kuti sabata yomweyo munali mutalemba zonse, mpaka mapaipi, n'kupereka kuti asindikize. Ndinakufunsani funso, simunandiyankhe. Munakalifunsa kwa anthu ena kuti alandirepo malikisi.

Koma zimenezo tidzakamba. Tsopano mvetserani bwino, chifukwa mlandu ukulowa pa 20 Ogasiti.

Umboni alibe. Anapita kwa masisitere, masisitere anati iwo amachiza zilonda, safunsa kuti zabwera pa galimoto yanji. Ine ndi Chigubu tikuti tayala linaphwa. Chimene ali nacho ndi pepala lanu lokha. Bwana amene anatipatsa kuti atiimire pa mlandu akuti njira ilipo. Kalata yanga ya mu Febuluwale, ya galimoto, mlatho ndi sajeni, inadzera ku positi ndipo anaiona. Inu mukalembera khoti kuti munatenga zimenezo n'kupeka zotsalazo m'mutu mwanu, monga aphunzitsi amapekera mafunso, ndipo za tayala ndinakuuzani ngati nkhani wamba, mlandu ugwa.

Mizere itatu yokha, amalume. Mungoti munapeka. Musaonjezere, musafotokoze. Musaine, mudinde chidindo cha koleji, mutumize kwa wapampando wa khoti la asilikali.

Ndikudziwa kuti bodza simulikonda. Munandikwapulapo chifukwa cha bodza la chenji cha buledi. Koma pano si za ine ndekha. Chigubu sakundiyankhula. Amangokhala pakona n'kumawerenga zala, ana anayi, zaka ziwiri. Iye anandiuza kuti ndiyendetse. Anatsika chifukwa cha ine.

Ndine muphwa wanu.


Kunyumba,
28 Julayi.

Muphwa wanga,

Ndalandira, ndipo mawu ako onse owawa ndawavomera. Ndi anga, ndinawagula ndekha.

Ndikuuze zimene ndachita, ndipo undimvere mpaka kumapeto usanakwiye. Mizere itatu ija ndinailemba. Ndinailemba kanayi, pa pepala la koleji, chidindo chili pambali. Nthawi zonse ndikafika posaina dzanja limakana. Poyamba ndinkati ndi mantha chabe a munthu amene sananamepo pa pepala. Tsiku lachitatu ndinazindikira kuti nkhani ndi ina. Ndikanena kuti ndinapeka, ndiye kuti ndikuvomereza kuti chimene unachitacho ndi chonyansa, choyenera kubisidwa ngati kuba. Ndipo iwe ukhala moyo wako wonse ukubisa chinthu chabwino koposa chimene unachitapo.

Unandifunsa mu Malichi, ine n'kukuyankha ngati mphunzitsi m'malo moyankha ngati malume. Yankho nali, lochedwa: sunalakwe. Ndaunika magulu onse anayi, ndipo ngakhale oyamba aja, a mantha, sangathe kuonetsa kuti munthu wogona m'ngalande wopanda chida ndi nkhondo. Nkhondo inali itamutaya kale. Iwe unatola munthu.

Choncho ndalembera wapampando wa khoti, osati mizere itatu koma masamba khumi ndi awiri. Ndanena zoona, kuti unandilembera ndipo zinachitikadi. Kenako ndawaonetsa, mfundo ndi mfundo, kuti malamulo a nkhondo amene iwo omwe amaphunzitsa amateteza wovulala, kuti lamulo lopereka munthu kumene ukudziwa kuti akaphedwa si lamulo loyenera kumvera, ndiponso kuti gulu lankhondo limene lingalange chifundo likudzidula lokha miyendo. Za sajeni wako ndalemba tsamba lapadera, kuti iye anakana poyamba ndipo anangomvera umunthu.

Mwana wanga, amene akhale pa mlanduwo ndi anthu ophunzira. Bodza likhoza kugwidwa, ndipo likagwidwa mumira nonse. Koma mfundo yoona sigwidwa. Pa moyo wanga wonse sindinalembepo chinthu chomveka bwino ngati chimenechi. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti akawerenga adzakumasulani, mwinanso kukuthokozani.

Ndatumiza Lachinayi pa positi yofulumira. Limba mtima.

Ndine malume ako amene amakukonda.


Ku ndende ya asilikali,
5 Sepitembala.

Amalume,

Atilola kalata imodzi pa mwezi. Ya mwezi uno ndalembera inu kuti ya mwezi wamawa ndi yotsatira yonse idzakhale ya amayi.

Masamba anu khumi ndi awiri anafika nthawi yabwino. Bwana wotiimira uja atawaona anavula chipewa n'kukhala pansi. Anandifunsa kuti, "Malume akowa unawalakwira chiyani?" Ndinati palibe, amandikonda. Anati, "Ndiye ukanapeza wodana nawe."

M'khoti anawerenga tsamba loyamba lokha ngati umboni, pamene munalemba kuti ndinakulemberani ndipo zinachitikadi. Pamenepo mlandu unali utatha, sunatenge ngakhale ola limodzi. Koma wapampando, bambo waulemu wa magalasi, anati masamba enawo anawawerenga kunyumba kawiri. Anati ndi kalata yabwino kwambiri imene khotilo linalandirapo, ndipo apempha kuti izigwiritsidwa ntchito pophunzitsa maofesala atsopano. Anatinso iye payekha akugwirizana nanu pa zambiri. Kenako anati khoti silinakhale kuti liweruze ngati lamulo ndi labwino, linakhala kuti liweruze ngati lamulo linamveredwa, ndiponso ngati m'buku la ulendo munalembedwa zoona.

Ine, miyezi isanu ndi umodzi, kenako kuchotsedwa ntchito. Chigubu amutsitsa udindo ndi kumuchotsa wopanda penshoni. Tsamba lapadera limene munamulembera lija ndi limene linatsimikiza kuti ankadziwa zonse asanasaine. Potuluka sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

Pali china. Masisitere aja asilikali a boma la kuno anawatsekera chipatala, popeza tsopano zili pa pepala kuti amalandira a mbali inayo. Bambo wa imvi uja sindikudziwa ngati anali atachoka.

Mwati sindinalakwe. Mawu amenewo ndinawafuna mu Malichi, ndili ndekha. Akanandikwanira. Mwandipatsa mu Julayi pamaso pa khoti, pamene ndinakupemphani china. Kawiri konse ndinakuuzani chimene ndikufuna, m'mawu osavuta, ndipo kawiri konse munandipatsa chimene inu munaona kuti ndi chabwino kuposa. Mukuti simukanatha kunama. Ine ndinanama m'buku la ulendo kuti munthu wosamudziwa akhale moyo, ndipo mwalemba masamba khumi ndi awiri kuti ndinachita bwino. Inu mizere itatu yakukanikani chifukwa cha mwana wa mlongo wanu.

Musandiyankhe. Ndikudziwa kuti muli ndi kufotokoza kwake, ndipo ndikudziwa kuti n'komveka.

Ndine mwana wa mlongo wanu.


Kumsika,
24 Febuluwale.

Achimwene,

Moni. Ndamva kuti munasiya ntchito kukoleji ndipo simukutuluka m'nyumba. Zimenezo sizithandiza munthu. Muzidya, muziyenda, bondolo lingaume.

Makalata anu asanu ndi awiri amene munatumiza kuno kuti ndidzamupatse mwana ndawasunga m'kabati ya ulusi. Sindinatsegule. Ndinamuuza m'kalata kuti alipo, sanayankhepo za iwo.

Mkazi wa sajeni uja tsopano ali nane pa shedi. Anawatulutsa ku nyumba za asilikali, ndiye ndinati bwerani muzisokerera mabatani ndi kusita, tizigawana zimene zapezeka. Manja ake ndi abwino. Amuna ake amakhala pa geti la sitolo ina ngati mlonda. Akadutsa pano amandipatsa moni mwaulemu, koma sakhala pansi. Mayiyo sakudziwa kuti amene analemba mayeso aja ndi mlongo wanga, ndipo sindikudziwa kuti ndidzamuuza liti.

Mwana akutuluka sabata ino, afika Lachisanu pa basi ya masana. Mwandifunsa ngati mungabwere kudzamulandira. Ndaganiza masiku atatu, popeza ndinu achimwene anga, munandithandiza kulera, ndipo ndikudziwa kuti simunachite mwa nkhanza. Chimenecho ndi chimene chikundipweteka kwambiri, chifukwa wankhanza ndikanadziwa pomuika.

Musabwere kudepoti. Musabwerenso kunyumba mwezi uno kapena wamawa. Ndakonza chipinda chake, ndipo mwini garaja ya kuseri kwa msika wati amuyesa pa ntchito osamufunsa zambiri. Ndikufuna adye, agone, ayambe kuseka, popanda womufotokozera kanthu.

Ine ndidzabwera ndekha kudzakuonani mayunifolomu a teremu ino akatha. Tsiku limene adzatchule dzina lanu ndidzakulemberani tsiku lomwelo. Pa miyezi isanu ndi umodzi imeneyi sanalitchulepo.

Ndine mlongo wanu.